Amuna Anga Akupita ku Ulaya

Mwai mwana wanga,

Uli wakhanda, tisanasamukire ku Mzuzu, agogo ako ankabwera kuno ku Chilomoni Loweruka lililonse. Sungakumbuke. Ankayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, kudzera ku Chemusa, ponena kuti minibasi imawachititsa nseru. Akafika pa geti sankati odi. Ankangoima n'kufuula kuti, "Amuna anga ali kuti? Mkazi wafika, palibe womulandira katundu?" Mchimwene wako Dalitso, amene nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu, ankatuluka akuthamanga, kabudula akukwezera m'njira, n'kukalandira jumbo la zitumbuwa. "Mwaondatu, akazi anga," ankatero, chifukwa anamva munthu wina akutero. Iwo ankayankha kuti, "Ndilekerenji kuonda, mwamuna wake wosagula ndiwo?" Kenako ankasuzumira iwe uli kumsana kwanga. "Uyu ndiye mkazi mnzanga anandilanda nyumba uja? Maso ngati kadzidzi. Amadziwa n'kuphika komwe ameneyu?" Iwe unkaseka ndi usinini wokhawokha.

Ndikulemba masana ano iwe utapita ku Limbe kukasaka chikwama china. Mawa mukwera ndege pa Chileka, iwe ndi ana ako Pempho ndi Zione, kutsatira bambo awo ku Ulaya. Ndinayamba kalata ngati imene makolo ena amalemba, ya za kuzizira, za kupemphera, za kusunga banja. Ndaing'amba. Zimenezo ukuzidziwa, zina kuposa ine. Ndili ndi nkhani imodzi yokha, ndipo pakamwa yandikanika kuyambira Lachitatu. Umandidziwa, ine yankho limandibwerera munthu atapita kale.

Chaka chimene anandikweza pantchito kukoleji ya aphunzitsi, ndinaitana anzanga kudzadya pano. Linali Loweruka. Agogo ako ndinawauza mozungulira kuti tidzakhala otanganidwa, ndipo iwo anamva kuti tikufuna wothandiza kutsuka mbale. Anafika alendo atakhala kale pakhonde, chitenje chawo chikununkha utsi ndi mafuta okazingira. Anafuula monga mwa masiku onse, Dalitso anathamanga monga mwa masiku onse, ndipo iwo anati, "Dzulo munagona kuti, inu? Ndakudikirani mpaka tambala." Anzanga anaseka, chifukwa aliyense wa iwo anali ndi agogo otero. Koma panali mayi wina wochokera kunja amene tinkagwira naye ntchito. Anafunsa kuti anthu akuseka chiyani, ndipo mnzanga wina anamumasulira liwu ndi liwu. Mayiyo anamwetulira pang'ono n'kufunsa ngati zimenezi zimachitika kawirikawiri. Basi. Palibe amene anandinyoza, Mwai. Mwina mayi uja anangodabwa, ndipo ndikanamufotokozera akanamva. Manyaziwo ndinadzipangira ndekha. Ndinawatengera amayi anga kuseri, pa mpopi paja, n'kuwauza kuti, "Amayi, zoti amuna anga, amuna anga zithe. Mwanayu akukula, komanso pano pamabwera anthu."

Agogo ako anali munthu wa pakamwa. Anagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pa geti la fakitale ina ku Makata moyo wawo wonse, ndipo panalibe mwamuna wovala ovolosi amene ankawaposa pa mkangano. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndinali nditakonzekera kuwapempha kuti atsitse mawu. Sanandilalatire. Anandiyang'ana nsapato, kenako nkhope, n'kunena kuti, "Ndamva." Anamanganso chitenje chawo n'kutsuka mbale zonse za alendo anga.

Loweruka lotsatira anafika pa geti n'kunena kuti odi. Dalitso anathamanga, "Akazi anga!" Iwo anamupatsa jumbo lija ndi manja awiri. "Muli bwanji, a Dalitso? Mayi anu alipo?" Mwanayo anaima. Anadikira kuti mwina ndi masewera atsopano. Ataona kuti palibe chikubwera, anatembenuka n'kuyang'ana ine pakhomo. Palibe anamuuza kanthu, koma anayang'ana ine. Usaiwale zimenezi, Mwai: mwana amadziwa amene watseka chitseko, ngakhale utachitseka pang'onopang'ono bwanji.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinkaganiza kuti ndikuchotsa chiyani. Ndinkati ndikuchotsa mawu awiri osayenera, china chilichonse chikhala. Sindinaone kuti mwana wa kwathu kuno amazunguliridwa ndi akuluakulu oti awagwadire, ndipo pali wamkulu mmodzi yekha amene angamunyoze, kumulamula, kumuuza kuti waonda, osamenyedwa. Sindinaonenso kuti amayi anga analibe njira ina yofikira kwa inu. Chizungu sankachidziwa. Mabuku anu sakanakuwerengerani. Zidole zimene tinkakugulirani sankadziwa kuti amasewera nazo bwanji. Anali ndi pakamwa pawo, ndipo ine ndinapatseka. Chimene chinatsala ndi moni, ndipo moni sachedwa kutha.

Titasamukira ku Mzuzu, ankatiimbira foni kuchokera pa golosale ina ya pafupi ndi kwawo. Inu ndinkakuitanani mmodzimmodzi, ine nditaima pambali ngati woyang'anira mayeso. "Apatse moni bwinobwino. Auze kuti wakhoza masamu. Nena kuti zikomo." Iwo ankafunsa kuti kusukulu kuli bwanji, inu munkati kuli bwino. Ankafunsa ngati kukugwa mvula, inu munkati ikugwa. Kenako ndinkangomva phokoso la ku Ndirande kumbuyo kwawo, mawailesi ndi mahutala, iwo akupuma pafoni, akusaka chonena chimene mwana wawo wophunzira sangakhumudwe nacho. Pasanapite nthawi munayamba kuthawa. Foni ikalira iwe unkati uli ndi homuweki, ndipo ine ndinkawauza monyadira kuti, "Akuwerenga." Ndiye ukamandiimbira kuchokera ku Ulayako, Mwai, uziwapatsa ana foni n'kuchokapo. Pita ukachape, pita ukasambe. Usawakonzere zonena. Akandionetsa denga ndi mphuno zawo basi, zisiye choncho. Akandiuza kuti ndikuoneka wokalamba, usawadzudzule. Asamandiimbire tsiku lokhalo limene akhoza mayeso. Andiimbirenso tsiku limene alibe chonena.

Pankabweranso katundu. Mnansi wawo wina ankayendetsa lole ya kumpoto, ndipo ankatisiyira kathumba ka mtedza wokazinga, mfutso ndi makaka, chinangwa chouma chija ankachikonda. Tsiku lina bamboyo, akundipatsa kathumbako, anaseka n'kunena kuti, "Mayi aja amandisokoneza. Anati ndidzanene kuti ndi za amuna awo. Ndikuliza injini akubweranso, akuti ayi, mukangonena kuti ndi za ana." Ndinaseka naye. Mtedzawo ndinauthira m'botolo la m'kabati, ndipo munkadya osadziwa kumene wachokera. Makaka anakhala m'stolo mpaka anafumbwa. Sindinkachita mwankhanza. Ndinkangoiwala kunena, ndipo ndikuganiza kuti kuiwala kwa mtundu umenewo munthu amachita kusankha. Ine ndikadzatumiza kanthu, ngakhale kakhale kopanda pake, kamene kumeneko kali mbwee m'masitolo, udzawauze anawo kuti kachokera kwa ndani, ndipo uthenga wake udzaunene mmene ndaunenera.

Pa tchuthi tikabwera ku Blantyre tinkafikira kwa achimwene a bambo ako, kumene kunali chimbudzi cha m'nyumba. Ku Ndirande tinkapitako masana amodzi. Galimoto tinkaisiya kumsewu, n'kutsika m'tinjira tija inu mutavala nsapato zoyera, ine nditanyamula botolo la madzi akumwa a kwathu. Ankakubwerekerani mipando kwa aneba. Munkakhala mwaulemu, mawondo pamodzi, pamene ana a mng'ono wanga Esinati ankawakwera pamsana agogo awo n'kumawabera zitumbuwa m'beseni, iwo akuwathamangitsa ndi chikuni n'kumawatchula mayina oti sindingalembe pano. Ndinkaona inu mukuyang'ana, ndipo ndinkaganiza kuti mukuona kusiyana kwa ana oleredwa bwino ndi ana a m'komboni. Lero sindikudziwa kuti munkaona chiyani. Dzuwa likapendeka ndinkati tikuthawa mdima. Iwo ankatiperekeza mpaka pa galimoto, n'kukugwirani chanza ngati alendo a kutchalitchi. Mukadzabwera kudzacheza, Mwai, usadzandibweretsere ana masana amodzi. Udzawasiye pano agone, iwe upite kwa anzako. Adzadwale m'mimba kamodzi, sadzafa.

Maliro awo uyenera kuti ukuwakumbukira, unali utayamba sekondale. Munthu akamwalira atakalamba, zidzukulu zake sizilira ngati ana ake. Zimamusewera. Mwana wamkulu wa Esinati anavala duku ndi chitenje cha agogo ako, anasenza beseni lawo, n'kumayenda pakati pa anthu motsimphina mwendo wamanzere ngati iwo, akufuula kuti, "Zamoto zitumbuwa! Wosasamba m'manja aloze ndi chigongono!" Azimayi amene ankalira anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Ngakhale abusa anabisa nkhope. Kwa kanthawi kochepa amayi anga anadzukadi pabwalo paja. Kenako gogo wina, mnzawo wa ku Makata, anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga mwamuna wa malemu ali kuti? Uja wa ku Mzuzu, ankamutchula tsiku ndi tsiku uja?" Ndinamufunsa kuti ankati chiyani. Anati, "Ankati amuna anga anandithawa, anapita kumpoto ndi kamkazi kena ka maso ngati kadzidzi, koma abwera, chitenje changa sanagulebe." Ndiye kuti zaka zonse zija masewerawo sanawasiye. Anangosiya kuwachita pamene ine ndingamve, ndi pamene inu mungamve.

Anamugwira dzanja Dalitso, anamuveka jekete lakale la agogo ako aamuna, n'kumukhazika pamphasa kuti akhale wamasiye anthu azimupepesa. Anali mnyamata wamtali kale, wa ndevu zoyamba. Anayang'ana uku ndi uku, anavula jeketelo, ananena m'Chizungu kuti sakumvetsa zimene zikuchitika, n'kupita kukakhala m'galimoto. Wina kumbuyo anafunsa kuti, "Kodi ana amenewa ndi a ndani?" Iwe unandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Mami, bwanji akuseka pamaliro?" Ndinati ndikufotokozera tikafika kunyumba. Sindinakufotokozere. Ndikukufotokozera lero. Dalitso ndinamufunsapo chaka chatha ngati akukumbuka kuti anali ndi mkazi ku Ndirande. Anaganiza, n'kunena kuti akukumbuka zitumbuwa.

Tsopano za ine. Pamene munabwera kudzakhala pano, m'nyumba yathu ya ku Chilomoni imene ndinabwereramo, podikira mapepala anu a ulendo, ndinasangalala, koma unaona wekha mmene ndinalili. Sindidziwa kusewera ndi ana. Ndimadziwa kuwaphunzitsa. Pempho ndinkamukonza kagwiridwe ka pensulo, Zione ndinkamuwerengetsa zala. Mwanayo akandiona ankaongoka ngati waona ahedi. Ankati "Agogo" mwaulemu wonse, ndipo ine mumtima ndinkamva kuti ulemu umenewu ndinauonapo kwinakwake, pa mipando yobwereka. Ndinkawakonda moti usiku ndinkadzuka kukaona ngati neti yawo yatsekeka bwino, koma masana ndinalibe mawu owafikira.

Tsiku lina tikudya, iwe uli kuntchito, Pempho anatenga nthuli yomaliza ya nkhuku. Sindinakonzekere. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu a amayi anga, koma otsika: "Amuna anga, mwamaliza nkhuku yonse. Mkazi adya chiyani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, nthuli ili m'manja. Ndinachita manyazi, ndinafuna kunena kuti ndimangocheza. Kenako anati, "Mudya mafupa." Anadikira kuti aone ngati ndimukalipira. Ndinati, "Ndinalakwa kukwatiwa ndi munthu womana chonchi. Mawa ndikubwerera kwathu." Anaseka mpaka kutsamwa. Madzulo ake anabwera yekha kudzakhala pamiyendo panga, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundiuza kuti ndisapite kwathu, adzandigulira galimoto yofiira. Kuyambira pamenepo m'nyumba muno munalowa phokoso. M'mawa ankagogoda kuchipinda kwanga, "Akazi anga, tiyi wanga ali kuti?" Zione akavala masilipasi anga ndinkati mkazi mnzanga wayamba kundilanda katundu, ndipo iye, osamva n'komwe tanthauzo lake, ankathawa nawo akukuwa. Pempho anayamba kundiuza zinthu: mnzake amene amamutsina, galu wa aneba amene amamuopa, ndiponso kuti sakufuna kukwera ndege chifukwa sakudziwa ngati muli chimbudzi. Zimenezo ahedi sauzidwa. Amauzidwa mkazi wosiyiridwa mafupa.

Lachitatu, tikutsuka mbale, unandiuza kuti, "Mami, zoti amuna anga zija musamuzolowetse. Kumene tikupitako akakazinena kusukulu, aticha sakamva kuti ndi nthabwala. Anthu amalowa m'mavuto ndi tinthu tating'ono." Unanena mofatsa, osandiyang'ana. Ine ndinati, "Ndamva." Ndinamaliza kutsuka mbale. Nditalowa kuchipinda m'pamene ndinazindikira kuti liwu limenelo ndi la ndani.

Sindikukuimba mlandu, mwana wanga. Ndilibe poimira. Iwe uli ndi chifukwa chabwino kuposa chimene ine ndinali nacho. Ine ndinkateteza nkhope yanga pamaso pa alendo, iwe ukuteteza ana ako m'dziko la eni, limene ine ndimangolimva. Mwina ukulondola, ndipo mwina ine ndine nkhalamba yodzikonda imene yapeza chosewera nacho mochedwa n'kumakana kuchisiya. Ndaganizira zimenezo kwambiri. Ndingokupempha kuti udzifunse wekha, pamene palibe wokuona, ngati ndi mantha okhaokha, kapena pansi pake pali kamanyazi kakang'ono ka kwanu. Ngati kalipo, ndine ndinakabzala, ndipo ndikukadziwa mmene kamalankhulira. Kamati mwana akukula. Kamati pano pamabwera anthu.

Ngati ndi mantha okha, mantha ali ndi mankhwala. Pempho ndi wochenjera. Amadziwa kale kuti pali zonena kutchalitchi ndi zonena pabwalo. Ungamuuze kuti awa ndi masewera a iye ndi agogo ake, a m'Chichewa, a pafoni ndi m'nyumba. Ndipo tsiku lina mphunzitsi akadzakufunsa, usadzachite zimene ndinachita ine. Usadzamutengere munthu kuseri. Udzakhale pansi, udzamuuze mutu uli m'mwamba kuti kwathu agogo ndi mdzukulu amatchulana choncho kuti mwana akhale ndi wamkulu mmodzi wosamuopa. Ndi mawu ochepa. Ine ndinali ndi digiri ndi Chizungu chonse chofunika, ndipo sindinawanene.

Kumbukira, Mwai, kuti mtunda si umene unalekanitsa inu ndi agogo anu. Ku Mzuzu lole inkafika. Chinatha ndi chonena. Ine ndatsala ndi foni, ndipo ndikudziwa mmene zidzayendere ngati tidzangotsala ndi moni. Miyezi yoyamba adzabwera okha. Kenako udzachita kuwaitana. Kenako udzandiuza kuti akuwerenga, ndipo ine ndidzati asiye awerenge, chifukwa ndi zimene amayi anga ankanena. Chichewa chawo chidzayamba kuthyoka, ndipo zimenezo sizindiopsa. Munthu angathe kunyoza mkazi wake ndi Chichewa chothyoka. Chimene chikundiopsa n'chakuti tsiku lina mudzabwera ndi ndege yofulumira kumaliro anga, adzakubwerekerani mipando pabwalo pano, ndipo wina adzafunsa kuti ana amenewa ndi a ndani. Ndikufuna pa tsiku limenelo Pempho adzavale magalasi anga kunsonga kwa mphuno, adzayende akupukuta manja m'siketi ngati ine, akunena kuti, "Mwina ndikulakwitsa, koma," mpaka anthu adzagwe ndi kuseka. Sindinaganizepo kuti ndingapemphe chinthu chotere. Ndikuchipempha.

Ndili mkati molemba, tsamba lachitatu, Pempho anabwera pawindo. Anakwera pa njerwa zija, anaika chibwano pa mawaya, n'kunong'ona kuti, "Akazi anga. Amami kulibe." Ukuona, wapeza kale njira imene agogo ako anaipeza, yochitira kumbali. Ndinafuna kumuyankha. Yankho linali pakamwa, lakuti mwamuna wanji wolowera pawindo. Koma ndinakulonjeza kuti ndamva, ndipo sindikufuna kuphunzitsa mwana wako kukubisira zinthu, makamaka kumene mukupitako, kumene adzafunika kukuuza zonse. Ndinati, "Pita ukasewere ndi Zione, Pempho." Anadikira pang'ono kuti mwina ndi masewera atsopano. Kenako anatsika pa njerwa, n'kuyang'ana ku geti kumene unatulukira.

Ndiye nkhaniyi ili m'manja mwako, ndipo chimene usankhe ndichilemekeza. Ukakana, ndidzakhala agogo a moni, ndipo ndidzayesetsa kukhala wabwino pa zimenezo. Sindidzachitira kumbali. Ukalola, usavutike kundiyankha, tonse awiri sitidziwa kulankhula zoterezi maso ndi maso. Mawa pa Chileka, nthawi yolowa ikakwana, udzangomuuza mwanayo kuti, "Pita ukatsanzike akazi ako." Ndidzamva. Ndakonza kale zomuuza, za chitenje chimene akundithawa asanagule.

Ndinaganiza zoika mapepalawa m'thumba la m'kati la chikwama chako kuti ukawapeze mutafika. Umenewo ukanakhala ulemu wanga wa masiku onse, wonena zinthu munthu atapita kale. Ayi. Ndamva galimoto yaima pa geti, ndipo Zione akukuthamangira atavala silipasi yanga imodzi. Ndapinda mapepalawa pawiri, envelopu ndilibe. Ndikutuluka nawo, ndikupatsa m'manja usanatsitse chikwama, ndipo ukandifunsa kuti ndi chiyani, ndingoti uwerenge lero.

Ndine mayi ako.